Mutu wa Mlombwa pa Benchi la Esinati

A Mumba tinawaika Loweruka lapitali ku Kaumbwe, kumudzi kwa mwana wawo Lute. Anthu sanali ambiri. Amene ankawadziwa bwino anatsogola kale, ndipo anyamata amene anakumba manda ankangoti ndi agogo aja ankakonza mawailesi ku boma. Mlaliki ananena kuti malemu anali munthu wofatsa, wosakangana ndi anthu. Ine ndinangoweramitsa mutu, chifukwa a Mumba kukangana ankakudziwa, ndipo chimene chinawafatsitsa ndikuchidziwa ndine.

Ine ndine amake Jelita. Ndagulitsa tomato, anyezi ndi kapenta pa msika wa Petauke kuyambira mbendera yatsopano itangokwera, ndipo aliyense pamsikapo angakuuzeni kuti pakamwa panga sipachedwa. Zimene ndikulemba pano sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mwamuna wanga. Ndikuzilemba chifukwa mwiniwake wapita, ndipo ine ndatsala ndi manyazi amene ndilibe powatula.

A Mumba anali munthu wamtali, woonda, wa jekete la khaki lomwe matumba ake ankalira tizitsulo akamayenda. Ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye, moyang'anana ndi msika, ndi tebulo lodzaza mawailesi otsegula mimba. Unyamata wawo unathera ku Lusaka, kumene ankanyamulira makina anthu ojambula nyimbo za pa wailesi. Ankati tsiku limene dziko linalandira ufulu iwo analipo atagwira waya, koma zimene analankhula akuluakulu sanasungeko ndi liwu limodzi. Chimene ankakumbukira ndi mdidi wa mapazi a amayi ovina. Kumeneko anabwerako ndi zinthu ziwiri: makina a kaseti olemera ngati mwana wa chaka, ndi khalidwe lotopetsa lodula munthu pakati pa nkhani. Mukuwafotokozera za wailesi yanu, iwo n'kukweza chala, kupendeketsa mutu, n'kuti mukhale chete pang'ono. Inu mukuyesa kuti kwagwa chinthu, iwo n'kukuuzani kuti basi ya ku Chipata lero ili ndi dalaivala wina, chifukwa uyu sasintha giya pamene amasinthira mnzake. Ankakonda kunena kuti maso ndi aulesi, amangoona za kutsogolo, pamene khutu limagwira ntchito kumbuyo, kumbali ndi kumwamba. Ife tinkawaseka, ndipo woseka kwambiri ndinali ine.

Mkazi wawo Esinati, amake Lute, anali mnzanga wa pabenchi. Benchi lake linali kumanzere kwanga, langa kumanja kwake, ndipo tinakhala choncho zaka zoposa khumi, tikusungirana katundu, tikugawana chimanga chowotcha, tikunena anthu odutsa. Kenako maso ake anayamba kuchita nkhungu. Anapita kuchipatala kangapo koma sizinathandize, ndipo matenda omwewo anamutupitsa miyendo moti kuchoka pakhomo pawo kufika pamsika kunakhala kosatheka. Munthu amene anazolowera phokoso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka anayamba kukhala yekha pamphasa kuseri kwa nyumba, akumvera nkhuku. Anaonda. Anasiya kufunsa za anthu. A Mumba anandiuza tsiku lina, osandiyang'ana, kuti chimene chikumumaliza mkazi wawo si maso ayi, koma kuti msika ukupitirira popanda iye.

Choyamba anabwera ndi makina awo aja ndi maikolofoni imodzi, najambula msika m'mawa wonse, nakamumvetsa kunyumba. Esinati anamvetsera pang'ono n'kukankha makinawo.

"Atate ake Lute, uyu si msika. Anthu onse mwawaunjika pamalo amodzi monga mbatata. Chigayo chili kuti? Amake Jelita ali kuti? Ine niziwe bwanji kumene nayang'ana?"

Mwamuna wina akadakwiya. A Mumba anakhala masiku awiri osagwira wailesi ya munthu, kenako anakumbukira chinthu chimene anaonapo ku Lusaka: mutu wochita kupanga, wokhala ndi kamaikolofoni m'khutu lililonse. Anati mawu akalowa m'makutu awiri otalikirana ngati a munthu, wina akadzawamvera pa mahedifoni, tizomvera tija tovala kumakutu, amamva chilichonse pamalo pake, ngati kuti wakhala pomwe panali mutuwo. Anayeza mutu wa Esinati ndi chingwe. Anadinda makutu ake pa phula la njuchi kuti mapindikidwe onse aoneke. Ndiye anakwera basi mpaka ku Nyimba, n'kupalasa njinga yobwereka kulowa ku Nyalugwe, kwawo kwa Esinati, kwa mmisiri wosema mitondo. Ndinamva kuti anakangana ndi mmisiriyo katatu, chifukwa makutu oyamba ankangooneka ngati zogwirira za kapu. Mmisiri anati iye amasema mitondo, ndipo mtondo sunamudandaulirepo. A Mumba anagona komweko sabata yathunthu mpaka makutuwo anafanana ndi a mkazi wawo, ndi kaboo ka ndolo komwe.

Lolemba lina m'mawa anafika pamsika atamanga chinthu pa kaliyala wa njinga. Anazondotsa debe pa benchi la Esinati, nakhazika chinthucho pamwamba pake kuti chifike pa msinkhu wa munthu wokhala pansi. Unali mutu wa mlombwa, wopanda maso, wopanda pakamwa, wovala duku lobiriwira limene tonse tinkalidziwa. Amayi ena anathawa. Wina anayamba kupemphera mokweza. Ine ndinafunsa ngati a Mumba ayamba kutamba masana.

"Amake Jelita, khalani chabe monga mwa masiku onse," anatero akulumikiza mawaya. "Gulitsani, kanganani, sekani. Osakamba na mutu. Mukakamba na mutu, msika uthawa."

Sabata isanathe tinazolowera. Tinkaupatsa moni m'mawa, "Mwauka tyani, amake Lute?", a Mumba n'kumang'ung'udza kuti tikuwononga tepi. Matepi anali osowa, mabatire osowa koposa. Ankawayanika padzuwa pa lata la khonde kuti atulutsemo kamphamvu kotsala. Choncho ankajambula theka la ola lokha, Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, n'kulemba tsiku pa kaseti. Mvula ikagwa sankaufunditsa mutuwo ambulera, ankati Esinati amve madontho pa duku lake. Kamodzi pamwezi ankaunyamula pamiyendo m'basi kupita nawo ku Nyimba, pa sitesheni pamene amayi amathamangira mabasi ndi nthochi, chifukwa ndi pamene anamuonera Esinati koyamba, akadali mtsikana wa dengu pamutu. Kondakitala wina anafuna kuudulira tikiti, ndipo anakangana naye njira yonse.

Kukangana ndiye ankakutha. Mwini chigayo anazimitsa injini tsiku lina mwaulemu kuti asawasokoneze, iwo n'kuwoloka msewu kukamukalipira kuti Esinati adzayesa dizilo watha m'boma monse. Ndi a Zulu ojambula zithunzi, amene anali ndi kansalu kawo ka maluwa pakhonde lomwelo, anakangana kwa zaka. A Zulu ankati chithunzi chimakhala, mawu ndi mphepo chabe. A Mumba ankati pa chithunzi munthu amavala jekete lobwereka n'kubweza mimba m'kati, koma palibe amene amabwereka kakhosomoledwe. Ankatha masiku osalankhulana, kenako n'kuwapeza akugawana chinangwa.

Ntchito yawoyo ine ndinaimva kamodzi kokha, Lamlungu lina masana nditapita kukazonda Esinati. Ndinamupeza atakhala tsonga pamphasa, mahedifoni kumutu, akuseka yekha ndi kuloza uku ndi uku. Thupi linali litayamba kubwerera. Anandikoka mkono.

"Bwelani mumvele. Mumvele mmene munamizila makasitomala."

Anandiveka. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji, koma bwalo lawo linachoka. Chigayo chinkagunda kumanzere, chapatali. Kutsogolo munthu ankabwera akukoka nsapato mumchenga. Mwana ankalira kumbuyo, kumene kumakhala ogulitsa makala. Nkhunda zinadutsa pamwamba pa mutu wanga moti ndinawerama. Belu la njinga litalira kumbuyo kwanga ndinatembenuka, n'kuona khoma la nyumba. Ndiye pafupi penipeni ndi khutu langa la kumanja panaphulika chiseko cha mzimayi wopanda mwambo, akulumbira kuti tomato wake wathyoledwa m'mawa womwewo. Ndinali ine, ndipo tomatoyo anali wa masiku atatu.

"Mwamvela?" anatero Esinati. "Imwe muli apa, kumanja, masiku onse. Nikamvela imwe niziwa kuti nafika."

Zimenezi zinali m'masiku a chipani chimodzi, pamene benchi la pamsika munthu ankalipeza ndi khadi la chipani, n'kulitaya ndi lilime. Sopo, shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkabwera mwa apo ndi apo ku sitolo ya boma, ndipo kutsidya la malire kunali nkhondo, moti chilichonse chachilendo chinkayang'anidwa kawiri. Lachinayi lina ndinaima pamzere wa saladi kuyambira mbandakucha. Nditatsala pang'ono kufika pakhomo anati watha, ine ndikuona ndi maso anga akazi a atcheyamani a chipani akutulukira kuseri ndi zigubu ziwiri. Ndinabwerera pamsika ndikuwira. Ndinamenyetsa botolo lopanda kanthu pabenchi, n'kuyamba. Ndinati ufulu uwu ndi wa anthu a mimba zazikulu. Ndinati khadi la chipani likadakhala lonona bwenzi ndikulithira m'ndiwo. Ndinatchula atcheyamani dzina, ndinatchula ndi akuluakulu ena amene zithunzi zawo zinali zopachikidwa m'masitolo onse. Anzanga anayang'ana pansi. Nditamaliza, ndikupukuta thukuta, ndinacheukira kumanzere. Mutu uja unali pamenepo, khutu lake lili kwa ine, ndipo tepi inkazungulira. A Mumba anabwera nthawi yake itakwana, anazimitsa, analonga, natsanzika monga mwa masiku onse.

Ndikadangowoloka msewu n'kuwapempha kuti afufute. Ndi mapazi makumi atatu okha. Koma mantha anandiuza zina: kuti kaseti imagwa m'thumba, imabwerekedwa, imamvedwa ndi mlendo, kuti mwamuna wanga, amene anali mesenjala pa ofesi ya boma, adzachotsedwa ntchito, kuti ndikapempha ndiye kuti ndavomera. Nzeru imene ndinapeza inali yoti matepi onse akawotchedwa, yanga ipsera limodzi. Loweruka ndinapita kwa atcheyamani, a Ngoma, omwe aja ndinawatukwana. Ndinagwada bwinobwino, n'kunena kuti ine monga mayi wa chipani ndili ndi nkhawa ndi munthu amene amajambula msika, sitesheni ndi msewu wa ku Nyimba. Ndinati ndani akudziwa kumene matepiwo amapita. Ine ndinkadziwa kumene amapita, chifukwa ndinali nditakhalapo pamphasa pomwe amathera.

Lolemba achinyamata a chipani anatenga mutu, makina ndi katoni ya matepi. Koma a Ngoma sanawotche. Anati nkhani yotere imveke poyera, naitanitsa komiti ndi amayi onse a pamsika ku bwalo la ofesi. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti ndaputa zimene sindingazithe.

A Mumba anabwera atachapa jekete lawo, nakhala pa benchi chipewa chili pabondo. Anafotokoza za mkazi wawo mwachidule. A Ngoma anavala mahedifoni ndi nkhope ya woweruza. Patapita kanthawi belu la njinga linalira m'tepimo, iwo n'kudumphira kumbali, mpando n'kugwa. Anthu anaseka, ngakhale achinyamata awo omwe. Anadzuka atafiira maso.

"Ichi chinthu chiziwa kumanzele na kumanja," anatero. "Munthu ali kutsidya angamvele apa na kuziwa pamene pali sitesheni, pamene pali chigayo, pamene paima galimoto ya apolisi. Iyi ni mapu, bambo Mumba."

"Ni mapu, inde," anayankha a Mumba. "Ya mkazi wanga."

A Ngoma anachotsa mahedifoni kuti tonse timve pa sipika, n'kuyamba kaseti imodzi imodzi. Masiku awiri tinakhala padzuwa tikumvera mbuzi, mabasi, amayi akutsatsa nthochi ndi munthu akukhosomola. Anthu anayamba kudzizindikira n'kumaseka, ndipo mlandu unkaoneka kuti ukufa wokha. Ndiye mmodzi wa komiti anatola kaseti ya Lachinayi lija. Ndinamva chigayo. Ndinamva mapazi anga akubwera mwaukali. Ndinamva botolo likumenya benchi, gu! Kenako palibe. Tepi inkangopuma, fuuu, nthawi yaitali, mpaka mwadzidzidzi kunabwera belu la tchalitchi ndi mawu a wogulitsa makala.

A Ngoma anaimitsa makina. "Apa mwachotsapo chani?"

"Mau a munthu."

"Anakamba chani?"

"Anali wotopa. Sanali kukamba na ine, sanali kukamba na mkazi wanga. Ninafufuta tsiku lamene lija."

"Ni ndani?"

A Mumba anatembenuza chipewa pabondo. "Sininganene."

"Mutiuze dzina, mutenge katundu wanu, muyende kunyumba. Mukakana, ni kuti mubisa adani."

Amayi amene anandimva Lachinayi lija anali pomwepo, koma wonena akadafunsidwa chifukwa chake sananene kale, choncho onse ankayang'ana zala za kumapazi. Ine ndinali nditakhala mizere iwiri kumbuyo kwa a Mumba. Ndikadaimirira n'kuti ndine. Ndikadataya benchi, mwina ndi ntchito ya mwamuna wanga, koma Esinati akadakhala ndi msika wake. Zonsezi ndinazidziwa pomwepo, osati pambuyo pake ayi. Ndinakhala pansi ndikufinya nsonga ya chitenje, ndipo pakamwa paja pamene sipachedwa panatsekeka. A Mumba sanacheuke ngakhale kamodzi. Munthu amene ankamva kusintha kwa giya kumsewu sakadalephera kumva mmene ndinkapumira kumbuyo kwake.

Anawatsekera kupolisi sabata ndi masiku. Makina ndi matepi anati zapita kukaunikidwa, ndipo sizinabwerenso. Mutu anauwaza ndi nkhwangwa pabwalo pomwepo kuti aone chimene chili m'kati. Munali thonje ndi tiwaya tiwiri. Duku linagwera m'fumbi, ndipo amene analitola pamodzi ndi zidutswa za mutuwo anali a Zulu ojambula zithunzi aja, amene anali okhawo okalipa mokweza tsiku limenelo. Ndi a Zulu omwewo amene anandiuza pambuyo pake, osadziwa kuti akundibaya, kuti imeneyo inali ntchito ya a Mumba masana onse: tepi isanafike kwa Esinati ankaimvetsera yonse, n'kufufuta paliponse pamene munthu wanena zimene zingamupweteke mawa. Mtsikana akaulula za mimba kwa mnzake, mwamuna akanena apongozi ake, zonse zinkachoka. A Mumba ankati iwo anabwereka malo, sanabwereke zinsinsi za anthu.

Atatuluka kupolisi sanakanganenso ndi munthu. Makina ena otere sakadawapeza m'masiku amenewo. Anayamba kubwera okha Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, n'kukhala pa benchi la Esinati atatseka maso, theka la ola, phewa lawo pafupi ndi langa. Ankandipatsa moni monga kale. Tsiku lina nditapita kwawo ndi tomato ndinaona chimene ankachita ndi zimene ankamvazo. Esinati anali pamphasa, ndipo nkhalamba ija inkamuzungulira: kumanzere ikugunda pachifuwa ngati chigayo, kumbuyo ikuliza supuni pa kapu, kutsogolo ikukoka mapazi. Itafika kumanja inawerama pa khutu lake n'kuyesa kuseka ngati ine. Sizinafanane. Esinati anamwetulira kuti asawakhumudwitse.

Ndinafuna kubwerera osaoneka, koma iye anali atandimva kale.

"Amake Jelita, ni imwe? Bwelani, nazindikila mapazi." Anandifufuza dzanja naligwira. "Atate ake Lute akuti masiku ano simuseka pa msika. Kumanja kwanga kwazizila. Mudwala?"

Ndinati ndi mutu chabe. Ndinasiya tomato n'kuthawa, ndipo sindinapondekonso mpaka pa maliro ake, patatha zaka ziwiri. Ankandifunsa, uthenga unkandipeza, ine n'kumati ndibwera Lamlungu. Anabwerera ku kuonda kuja pang'onopang'ono, nasiyanso kufunsa za anthu. Ichi ndi chachiwiri chimene ndinamulanda. Nditamuchotsera msika ndinadzichotsanso ndekha, ine amene ndikadatha kukakhala kumanja kwake ndi thupi langa lenileni, n'kumusekera popanda batire. Kuthawa kumeneko kumandichititsa manyazi kuposa kugwadira a Ngoma kuja.

Kodi a Mumba ankadziwa kuti anakawaneneza ndine? Petauke si Lusaka, ndipo akazi a Ngoma anali ndi pakamwa ngati panga. Kamodzi, masiku a chipani chimodzi atatha kale, a Ngoma atasanduka munthu wamba woima pamzere ngati ife, ndinawoloka mapazi makumi atatu aja. Ndinaima patsogolo pa tebulo lawo.

"Bambo Mumba, nili na mau."

Anakweza chala, napendeketsa mutu. "Khalani chete pang'ono. Mwamvela? Chigayo achisintha lamba."

Tinakhala choncho tikumvera chigayo. Atatsitsa chala anandifunsa ngati wailesi yanga ikugwira bwino. Ndinati ikugwira, ndipo ndinabwerera ku tomato wanga. Mpaka lero sindidziwa ngati anali atandikhululukira kapena anangokana kunditula katundu. Pasanapite nthawi makutu awo anayamba kugontha. Ankakwezabe chala mwachizolowezi, n'kuchitsitsa osanena kanthu. Lute anadzawatenga kupita nawo ku Kaumbwe, ndipo sindinawaonenso amoyo.

Titachoka kumanda Loweruka lija, Lute anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anali ndi kanthu kokulunga m'duku lobiriwira lofwifwa.

"Amai, atate anati nikapase imwe. Anasunga zaka zonse pansi pa bedi. Chidutswa china anati tiwaikile m'bokosi, tawaikila."

Ndinamasula. Linali theka la mutu uja, mbali ya kumanja, khutu lili bwinobwino ndi kaboo kake ka ndolo.

"Sanakambe chifukwa?"

"Anati chabe, ili ndiye linali kuyang'ana kwa amake Jelita."

Lolemba ndinapita nalo pamsika. Benchi la Esinati lilipobe, ngakhale mwendo umodzi ndi njerwa tsopano. Ogulitsa makala amaunjikapo masaka opanda kanthu, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira aliyense wofuna kugulitsirapo, anthu n'kumangoti ndi ukalamba. Pathabwa pakuonekabe mkombero wa dzimbiri pamene pankakhala debe. Pakhonde la kutsidya tebulo anachotsa kale. Patsala misomali iwiri pakhoma, ndi lata lopindika pamene ankayanika mabatire. Ndinachotsa masaka, n'kukhazika khutu lija pa mkomberowo, loyang'ana kwa ine. Chigayo chinkagunda. Basi inasintha giya kumsewu. Wina anadutsa akukoka nsapato mumchenga. Ndinakhala kumanja kwake m'mawa wonse osatsatsa tomato, ndipo dzuwa litafika pamutu ndinawerama n'kunena kuti ndinali ine, motsitsa mawu, m'khutu la mtengo lopanda waya, lopanda womvera kumapeto kwake.